Alendo a Mbalame Tinawalandira ndi Ng'oma

Munthu amene ananditcha wabodza pamaso pa alendo, pa chimkuzamawu, ndi a Goodwin Zimba, wachiwiri kwa wapampando. Dzinali ndaliika pamwamba kuti wowerenga asavutike kulifufuza m'munsimu. Zotsalazi ndalemba monga mlembi.

KOMITI YOSAMALIRA DAMBO LA KABANGO, DERA LA WIMBE, KASUNGU
Zolembedwa za msonkhano wapadera

Tsiku: Loweruka, 16 Novembala 2024
Malo: M'chigafa cha fodya cha wapampando, popeza kalasi imene timabwereka kusukulu inali yokhoma
Nthawi: Unaitanidwa m'mawa, unayamba masana

OPEZEKAPO
Bambo Vincent Kalimanjira, Wapampando
Bambo Goodwin Zimba, Wachiwiri kwa Wapampando
Bambo Uthman Kassim, Msungichuma, amenenso ndi mwini golosale ndi chimkuzamawu
Mayi Faustina Gondwe, membala, mtsogoleri wa amayi ovina chimtali
Bambo Sankhani Chibwe, membala
Feggie Chimphamba, Mlembi, amenenso amaperekeza alendo kukaona mbalame

OPEPESA
Mayi Fainess Lungu, ali kumaliro ku Njombwa

OSABWERA, OSAPEPESA
Bambo Hamdani Saidi, amene tonse tinawaona akudutsa pa njinga yamoto

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Mayi Gondwe anatsegula ndi pemphero. Anapempherera mvula, mbande za fodya, ndi achinyamata osamva za akulu. M'chigafamo wachinyamata analimo mmodzi.

Wapampando analonjera onse. Anati iwo atopa, msana ukuwawa, ndipo akufuna msonkhano uthe msanga kuti aliyense akathirire nazale yake. Anati chatisonkhanitsa n'chimodzi: a Zimba apempha kuti komiti ilembe m'buku kuti mlembi ananamiza alendo amene anabwera kudzaona mbalame pa 2 Novembala, ndiponso kuti achotsedwe pa ntchito yoperekeza alendo ku dambo. Anapempha kuti tilankhule ngati anthu omwa mjigo umodzi, popeza mjigowo ulipodi umodzi.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

Mlembi anawerenga zolembedwa za msonkhano wa Okutobala. Pa mfundo yachitatu panalembedwa kuti alendowo adzafika mbandakucha, kuti wina aliyense asakhudze bango, kuti pasakhale phokoso, ndipo kuti ku dambo kupite anthu awiri okha owaperekeza.

A Zimba anati mfundo imeneyo sakuikumbukira. Iwo akukumbukira kuti tinagwirizana zokonzekera alendo. Mlembi anawapatsira bukulo kuti aone okha. Anati magalasi aiwala kunyumba.

A Kassim anati zolembedwazo n'zoona. A Chibwe anavomerezana nawo.

3. LIPOTI LA MBALAME ZOBWERA NYENGO INO

Mlembi anayamba ndi kukumbutsa mamembala, popeza zikuoneka kuti zaiwalika, kuti midzi yozungulira inapatula dambo lino kuti likhale malo otetezedwa: palibe kutchera ulimbo, palibe legeni, palibe kutentha.

Apa foni ya a Zimba inalira, ndipo anatuluka kukayankha. Foni imeneyi imalira nthawi zonse lipoti la mbalame likayamba, ndipo woimbayo amatsanzika lipoti likatha.

Mlembi anafotokoza kuti mitengo itangophukira masamba atsopano, afulagombe ochokera ku Ulaya anayamba kumveka akudutsa m'mwamba m'magulumagulu. Anamzeze ochokera komweko anayamba kugona m'bango, ndipo madzulo ankatsikiramo ngati utsi. Kumapeto kwa Okutobala kunafika adokowe aang'ono akuda, a mimba yoyera, amene amaswana kumpoto kwa Africa n'kubwera kuno mvula ikayandikira. Gulu la chaka chino linali lalikulu kuposa lililonse limene mlembi waonapo, ndipo linkadya m'mphepete mwa madzi, mbali ya kumsewu. Mlembi analijambula pa foni n'kutumiza chithunzi kwa anthu ena okonda kuona mbalame a ku Lilongwe. N'chifukwa chake anthuwo anabwera.

Pa za lero, mlembi anati anamzeze sakugonanso pa dambo, chifukwa pogona palibe. Afulagombe akungodutsa. Adokowe mbali ya kumsewu sanaonekenso. A Kassim anafunsa za tsidya la kum'mawa, kuseri kwa mabulugama, kumene kuli nazale za fodya. Mlembi anati kumeneko sanapiteko, chifukwa njira yake imadutsa pakhomo pa a Zimba, ndipo wodutsa pakhomo pa munthu amayenera kupereka moni.

A Zimba analowa n'kufunsa ngati tafika pa nkhani yeniyeni.

4. ULENDO WA ALENDO A KU LILONGWE

Wapampando anapempha a Zimba kuti afotokoze m'mene anakonzekerera alendo.

A Zimba anati atamva kuti kukubwera anthu a magalimoto, anapita kukaona malowo ndipo anagwidwa manyazi. Panali tchire lokhalokha. Choncho Lachinayi ndi Lachisanu anamema anthu a midzi iwiri, monga timachitira pa ntchito ya chitukuko, aliyense ndi chikwakwa chake. Anatchetcha bango lonse kuchokera kumsewu mpaka kumadzi, analambula njira, anandanda miyala n'kuipaka njereza. Kachisakasa ka udzu kamene mlembi anamanga kuti alendo azibisalamo poona mbalame anakagwetsa, chifukwa kankaoneka ngati bafa la matenanti. Pamalopo anamangapo chisakasa chachikulu n'kuikamo mipando ya pulasitiki ndi tebulo loyala nsalu. Anati ntchitoyo inakongola kwambiri ndipo palibe amene wawathokoza mpaka lero.

Zilembedwe kuti masiku awiriwo mlembi anali ku Boma, kudikirira azakhali ake kuchipatala. Dambolo analiona Loweruka m'mawa, pamodzi ndi alendo.

Mayi Gondwe anafotokoza mbali ya amayi. Anati analawirira kukawamba ng'oma pamoto. Alendowo anaimika magalimoto patali, anatsika akunong'onezana, atakoleka magalasi oonera patali m'khosi, n'kumayenda monyang'ama. "Tinaona kuti ndi anthu amanyazi," anatero, "ndiye tinati tiwamasule." Amayi anatulukira kuseri kwa chulu ndi nthungululu, ng'oma zinagunda, ndipo anawavinira alendowo mpaka kukawakhazika pamipando.

Dongosolo la tsikulo linali motere: pemphero, kudziwana, mawu a wapampando, mawu a a Zimba, chimtali, mawu a a Zimba kachiwiri, thobwa. Dzuwa litakwera, mtsogoleri wa alendowo, Mayi Rahila, anafunsa mwaulemu ngati tsopano angaone mbalame. Mbalame zimene zinaoneka tsikulo ndi akakowa awiri amene ankatsata ng'ombe za a Chibwe, ndi khwangwala amene anadzera zitumbuwa.

Apo m'pamene a Zimba anatenga chimkuzamawu n'kunena mawu awa:

"Alendo athu olemekezeka, mutikhululukire. Ife mbali yathu tachita, mwadzionera nokha. Koma mtsikanayu wakunamizani. Ine ndinabadwira pa dambo lino, mbalame zochokera kunja zimene wakuuzanizo kulibe kuno. Ana a masiku ano akangolawa sekondale, chithunzi amatola pa foni n'kumati ajambula okha."

A Zimba anati mawuwo sanali ndendende choncho. A Kassim anati anali ndendende choncho, chifukwa chimkuzamawu chawo n'chabwino ndipo mawuwo anamveka mpaka kuchigayo.

Mlembi anati anthuwo sanadzere ife, anadzera mbalame, ndipo mbalame sizidikira malonje.

Mayi Gondwe anaimirira. "Feggie, mwana iwe, ndiye umafuna tiwalandire ngati akuba? Munthu wachoka ku Lilongwe uko, afike pamudzi pali zii ngati tamwalira tonse? Yayi, ine sindinaleredwe choncho. Nyimbo ya mbalame imene tinawaimbira ija tinapeka tokha, tinaiphunzira sabata yathunthu ndi mawondo owawa awa. Lero tikhale olakwa ndife?"

A Zimba anati a za feteleza atabwera tinachita chimodzimodzi ndipo anasangalala. A zaumoyo chimodzimodzi. A mijigo chimodzimodzi, ndipo mjigo tili nawo. Anafunsanso kuti mlendo akanalumidwa ndi njoka m'bangomo, akanayankha ndani. Mlembi anati alendowo anavala majombo onse, kusonyeza kuti za njoka anazimvapo.

A Kassim anati iwo anangouzidwa kuti kukubwera mabwana, ndipo sanaonepo bwana wopanda chimkuzamawu. Anati chimene chikuwavutabe mumtima n'chakuti mlendo wina wachikulire, atafika pamene panali bango, anaima n'kuvula chipewa ngati wafika kumanda.

Wapampando anafunsa ngati alendowo anenapo kanthu chichokereni. Mlembi anati Mayi Rahila anatumiza uthenga pa foni wothokoza thobwa ndi gule. Za kubweranso sanatchule. Wapampando anausa moyo n'kunena kuti tipitirire.

5. PEMPHO LA A ZIMBA LOKHUDZA MLEMBI

A Zimba anabwereza pempho lawo: zilembedwe kuti mlembi ananamiza alendo n'kuchititsa manyazi midzi yonse, ndipo achotsedwe. Anati ntchito yoperekeza alendo ikufunika munthu wamkulu, wodziwa kulankhula pagulu, wooneka bwino mu jekete. Dzina sanatchule. M'chigafamo, ndi kutentha konse kuja, jekete anavala okha.

Mlembi anapempha kuti ayankhe. Anati ntchitoyi chimene yamupatsa ndi misundu m'miyendo ndi malungo, koma wakhala akuilawirira chimalizireni sekondale, ndipo ndi chinthu chokhacho pamudzi pano chimene anthu ankafunsa iyeyo osati wina. Tsopano ana akumutcha NaDokowe. Amayi ake anasiya kupita kuchigayo masana, chifukwa anzawo amawafunsa kuti mwana wanu wa mbalame za pa foni uja ali bwanji. Anafunsa wapampando kuti, popeza cholembera chili m'dzanja lake, alembe bwanji: "mlembi ananama", kapena "ine ndinanama".

Wapampando anati, "Mwanangu, chepetsa pakamwa." Anafunsa ngati mlembi ali ndi umboni wina kupatula chithunzi chija. Mlembi anati umboni wake unali ndi mapiko.

Mayi Gondwe anati iwo za bodza sakudziwa, koma mwanayu akachotsedwa mwina aphunzira ulemu. A Chibwe anagwedeza mutu. Sizinadziwike ngati kunali kuvomereza kapena kusinza, koma a Zimba anakuwerenga ngati voti.

Wapampando anati voti ichitike kumapeto, mitima itazizira. A Zimba anavomera, ponena kuti alinso ndi nkhani ina yachangu pa mfundo yotsatira.

6. NAZALE ZA FODYA ZA TSIDYA LA KUM'MAWA

Wapampando anakumbutsa kuti nazale zimaloledwa kunja kwa zikhomo za malire kokha, ndipo lamulo loletsa kupha mbalame limafika mpaka kumeneko.

A Zimba anati lamulolo n'limene akufuna kudandaula. Anapempha chilolezo chogwiritsa ntchito legeni pa nazale yawo, chifukwa mabedi awo atha. Wapampando anafunsa kuti atha ndi chiyani.

"Zimbalame, atcheya! Zimbalame za mvula zija. Chaka chino zabwera ngati ng'ombe zopita ku dibi. Zimangoyenda pamabedi ngati pawo, udzu wophimbira zamwaza, mbande zaponda. Ukaziingitsa zimangosuntha pang'ono n'kumakuyang'ana. Mayi akunyumba akhala mlonda, ntchito zina zonse zaima."

A Kassim anafunsa kuti zayamba liti. A Zimba anati sabata ya alendo yomwe ija. Anati ngakhale Loweruka lenilenilo, iwo ali pa chimkuzamawu, akazi awo anachita kusiya gule n'kuthamangira kukaziingitsa.

Mayi Gondwe anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye n'chifukwa chake anachoka pamzere! Ine ndimati m'mimba."

Mlembi anapempha chilolezo chofunsa funso, kuti zolembedwa zikhale zomveka. Wapampando analola, koma anati likhale funso, lisakhale ulaliki. Mlembi anafunsa maonekedwe a mbalamezo. A Zimba anati n'zakuda, zazitali miyendo, mimba yoyera ngati zavala epuloni. Mlembi anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi, osanena kuti n'chiti. Ulendo uno magalasi sanafunike.

"Eya! Zimenezi! Mbava zake n'zimenezi. Wazijambula liti pa nazale yanga?"

Mlembi anati chithunzicho n'chimene anatumiza ku Lilongwe, chomwe chija chotola pa foni.

Kenako a Kassim anayamba kutsokomola, anavula kofia n'kubisamo nkhope, mapewa akugwedezeka. A Chibwe anadzuka n'kufunsa ngati tavota.

A Zimba anati pali kusamvana. Anati zimenezi si mbalame zochokera kunja, n'zathu zomwe, zimabwera chaka chilichonse, anaziona ali mwana. Mlembi anafunsa kuti zikamabwera chaka chilichonse zimakhala zikuchokera kuti. A Zimba anati funso limenelo si la pa ndandanda. Anawonjeza kuti iwo ankayembekeza mbalame zamaonekedwe, zamitundumitundu, zoti munthu n'kuitanira mnzake. "Munthu wanzeru zake angawotche mafuta kuchokera ku Lilongwe kudzaona zonyansa zimenezi? Zodya ziwala? Bwenzi atanena, ndikanawapatsa zonse atenge!"

Mayi Gondwe anati ndiye kuti alendo anakhala pamipando mpaka masana, mbalame zawo zili kuseri kwa mabulugama, mkazi wa wachiwiri kwa wapampando akuzigenda ndi zibuma. Anati, "Mwe, a Goodwin."

CHIGAMULO: Legeni sinaloledwe. A Zimba aloledwa kumanga zingwe zokolekapo nsanza mozungulira mabedi. A Chibwe anati pa nazale yawo mbalamezo sazithamangitsa, chifukwa chibwerereni sanaonepo chiwala, ndipo anapempha kuti zochoka kwa a Zimba zizipita kwa iwo. Komiti inati ilibe mphamvu pa zimenezo.

7. VOTI PA PEMPHO LA A ZIMBA

Wapampando anafunsa ngati a Zimba akupitiriza pempho lawo. A Zimba anati poona nthawi, ndiponso pofuna mtendere, nkhaniyi ingotha. Voti sinachitike.

Mlembi anati nkhaniyi sinayambire m'chigafa, choncho singathere m'chigafa. Anapempha kuti mawu amene ananenedwa pa chimkuzamawu abwezedwe pa chimkuzamawu, kuti a kuchigayo amvenso.

Wapampando anati, "Feggie, mwanangu, a Zimba ndi msinkhu wa bambo ako. Munthu wamkulu sagwira chimkuzamawu kupepesa mwana. Ukufuna mawa akalamule bwanji matenanti awo? Tamvera, apepesa pompano, ife ndife mboni." Anatembenukira kwa a Zimba.

A Zimba anayang'ana kudenga n'kunena kuti: "Ngati penapake mwina panalakwika, basi, zinachitika. Tonse ndife anthu."

Mayi Gondwe anauza mlembi kuti alandire, chifukwa kwa a Goodwin zimenezo n'zambiri, akazi awo sanazimvepo. Mlembi anati mawuwo wawalemba monga anatulukira. Wawawerenga kawiri, ndipo kupepesa sanakupezemo.

ZOGWIRIZANA:
(a) Mlembi apitiriza kuperekeza alendo ku dambo. Mawu akuti ananama salembedwa ngati chigamulo cha komiti.
(b) Bango lisakhudzidwenso. Likamera, limere. Mlembi anati likamadzafika msinkhu wogonamo mbalame, anamzeze adzakhala akunyamuka kubwerera kwawo. Chaka chino chapita.
(c) Alendo a mbalame, ngati adzabwerenso, ayambe aona mbalame. Gule, malonje ndi thobwa zidzachitikire kusukulu pambuyo pake. Mayi Gondwe anapempha kuti amayi aziloledwa kuimbako pang'onopang'ono m'mphepete mwa madzi, popanda ng'oma. Wapampando anati mutu wawo ukuwawa, nkhaniyo idikire.
(d) Kachisakasa kobisalamo kamangidwenso. Sizinagwirizanidwe kuti amange ndani. Mlembi akudziwa kuti amanga ndani.

8. ZINA NDI ZINA

A Kassim anati mipando yawo iwiri ya pulasitiki sinabwerere kuchokera ku dambo, ndipo umodzi auona pakhonde pa munthu amene samutchula lero.

A Chibwe anafunsa ngati miyala yopaka njereza ija ili ndi ntchito, chifukwa akufuna kuzinga nayo khola. Analoledwa.

Wapampando anakumbutsa kuti msonkhano wotsatira ndi waukulu wa pachaka, wa anthu a midzi yonse yozungulira dambo. A Zimba anati msonkhano woterowo usachitike mwaumphawi. Anapempha kuti bwalo lisesedwe, amayi avine, ndipo a Kassim abweretse chimkuzamawu kuti okhala kumbuyo asaphonye liwu ndi limodzi lomwe. A Kassim anayang'ana mlembi, kenako anati abweretsa, ndipo batire adzalitchaja usiku wonse. Onse anavomereza. A Zimba anatsanzika kuti akamasule akazi awo pa ulonda.

9. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 14 Disembala 2024, pa bwalo la sukulu. Malinga ndi malamulo a komiti, mfundo yoyamba pambuyo pa pemphero ndi kuwerenga mokweza zolembedwa za msonkhano wapitawo, zonse, kuyambira pamwamba.

10. KUTSEKA

A Kassim anatseka ndi pemphero lalifupi, limene tonse tinaliyamikira. Msonkhano unatha 4 koloko itapitirira. Potuluka m'chigafa, kum'mawa kunali kutachita mdima wa mvula, ndipo adokowe ankazungulira m'mwamba pamwamba pa mabulugama. Wapampando anawayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndi ambiridi. Mlembi anapita kukawaona, modzera m'matope, osati pakhomo pa munthu.

Wapampando anandipempha pambali kuti nkhani ya a Zimba ndisaitchulenso, ponena kuti iwo eni akula ndipo milandu yawatopetsa. Ndawalonjeza. Inenso ndatopa nayo. Sindiitchulanso kuchigayo, kumjigo, kutchalitchi, ngakhale kwa amayi anga. Pa 14 Disembala ndidzangowerenga zimene zalembedwa, monga mwa ntchito yanga, pang'onopang'ono, kuti okhala kumbuyo amve.

Vincent Kalimanjira
Wapampando

Feggie Chimphamba
Mlembi